Mipando Yobwereketsa

Ntchito yanga ndi kubwereketsa mipando,
yapulasitiki, yoyera, makumi asanu ndi limodzi,
kuno ku Casa Amarela, m'zitunda za Recife.
Miyezi khumi ndi inayi inangokhala m'galaja,
wina pamsana pa unzake,
akangaude akuchitirapo maukwati awo
osandilipira ngakhale kakobiri.

Ndiye foni italira Lachinayi lija
sindinafunse zambiri.
Anali Dona Zuleide a kumtunda kwa masitepe.
Tainá wawo akukwanitsa zaka khumi ndi zisanu.
Chaka chatha anazimitsa makandulo pamaso pa foni,
chaka chino toto, mwanayu wafota
ngati duwa loiwalidwa m'kabati.
Tatopa, Ivanildo, anatero. Tonse tatopa.
Ndinati zoona mayi,
ndipo ndinatsuka mipando ndi sopo mpaka usiku.

Ndinaiyala ndekha padenga lawo lasimenti,
mita ndi theka pakati, ndinachita kuyeza ndi chingwe.
Pofika naini koloko chingwe changa chinali nthabwala.
Mipando inayenda yokha, inagundana mawondo,
mamasiki atatsikira pachibwano ngati ndevu zabuluu,
ena m'thumba limodzi ndi makiyi.
Anavina brega mpaka mazenera kunjenjemera
ndipo ndisaname, ndinaseka nawo.
Ndinali nditaiwala kuti anthu akachuluka amanunkhira bwanji:
thukuta, mafuta am'tsitsi, nyama yootcha.

Cauã wanga, wa zaka zisanu ndi zinayi,
ndinamutenga kuti azindithandiza kunyamula.
Ndinamuona akumwa guaraná m'kapu ya mnyamata wina.
Ndinatsegula pakamwa.
Ndinatseka.
Paja tinkati matendawa ndi a nkhalamba,
ndipo nkhalamba tinazibayitsa kale katemera,
tinazisiya pansi ndi wailesi.

Sabata isanathe Tainá anasiya kumva fungo la khofi.
Msuweni wake Edvaldo, woperekera zakudya panjinga yamoto,
mnyamata wokwera masitepe atatuatatu,
anakhala pansi pakati pa njira
akusaka mpweya ngati wataya ndalama m'mchenga.
Lolemba Cauã anakana mpira.
Lachiwiri thupi linali moto, maso psuu,
akundiitana ndi dzina la mayi ake.

Kuchipatala, m'khonde lodikirira,
ndinapeza mipando yapulasitiki, yoyera.
Manja anga osandifunsa anatembenuza umodzi
kufuna chilembo changa chofiira kunsi kwake.
Sunali wanga. Ndinakhalapo.
Namwino wina, mphuno itachekeka ndi masiki,
anati popanda kundiyang'ana:
Chaka chatha tinkagoneka agogo,
pano odwala athu akucheperachepera msinkhu,
dzulo tabwereka mabedi aang'ono kwina.
Sanandifunse kumene mwana anali Loweruka.
Bwenzi atafunsa.
Yankho ndinali nalo, litakhala pakhosi ngati fupa la nsomba.

Anatuluka atagona masiku asanu ndi anayi.
Alipo, ali m'chipindamu, akujambula mabasi.
Koma masitepe a kwathu ndi zana limodzi ndi khumi
ndipo iye amaima pa makumi anayi,
dzanja pachifuwa, kunamizira kuyang'ana galu.
Ine ndimayang'ana galu yemweyo.
Edvaldo sanatuluke. Njinga yake anaifunditsa lona.

Dona Zuleide tikakumana pogula buledi
timalankhula za mvula.

Dzulo foni yaliranso.
São João yayandikira, akufuna mipando yonse,
ndi ana okhaokha, akutero, panja, pamphepo,
kodi tikhala tikubisala mpaka liti?
Lendi ndi ya Lachisanu.
Ndinati ndikuimbirani.

Usiku ndatsegula galaja, ndawerenga.
Makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi.
Umodzi udakali padenga paja,
ndimauona ndikaima pachipata,
wayang'ana kumwamba, wadzaza madzi amvula.
Masitepe ndimawadziwa.
Sindinapite kukautenga.